Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Fomu yalowa pa foni, sinagogode.
Tiyese wakhala nayo pa thebulo lositira,
pakati pa malaya a eni ake a ku Sandton
ndi chitini cha ndalama za magetsi.
Kunja matakisi a ku Rosettenville akulalatirana,
mphepo ya Juni ikukwawa pansi pa chitseko ngati wangongole.

Akuti, Amayi, ndiwerenge?
Ndikuti werenga, anga maso anathera m'makolala.

Loyamba: kodi ndiwe nzika ya dziko lino?
Mwanayu anabadwira ku Bara, usiku wa matalala.
Mphumi ndi ya ku Ntcheu, chitupa n'cha kwa bambo wake.
Pa pepala ndi Nokwanda Radebe,
m'chipinda muno ndi Tiyese.
Tachonga inde.

Lachiwiri: unakhoza?
Masamu anawagwira pakhosi
pa kandulo, magetsi atapita kokacheza.
Koleji ya ku Braamfontein yamuitana kale.
Chatsala ndi fizi, bedi, mabuku ndi buledi.

Pakhomo mulipo angati?
Ndayamba ndi chala chaching'ono:
ine, iye, ana atatu a malemu achimwene
odikira kulira kwa foni kumapeto a mwezi,
alamu anga ndi shuga wawo.
Akuti ayi Amayi, akufuna ogona muno.
Kamwa zili kutsidya kwa Zambezi
fomu sizimva kutafuna kwake.
Talemba awiri.

Mumapeza zingati pa chaka?
Chaka sindichidziwa, ndimadziwa Lachisanu,
pamene adona amapinda ndalama kawiri
n'kundipatsira pa geti, galu akuyang'ana.
Akuti ikani kapepala ka malipiro.
Kanga n'aka pa mkono,
chipsera cha simbi, chosasainidwa.

Ndiye labwera lachisanu ndi chiwiri.
Tiyese waliwerenga ndi mawu a mwana wa eni:
Lembani za bambo.

Munthu uja anatuluka mwana akumera mano,
ati kukagula ndudu.
Akuti ali ku Benoni, galimoto ya kampani, mpanda wa njerwa.
Ife sitimudziwa, koma makina amamudziwa.
Kompyuta ifunsa kompyuta inzake ya msonkho,
zinong'onezana usiku tili m'tulo,
malipiro ake n'kuwathira m'thumba langa lobooka.

Pajatu pali mzere, anajambula akuluakulu.
Ukakhala pansi pake, boma likutenga pamsana.
Ukausuzumira ndi tsitsi lokha, yenda wekha.
Ife tili pansi penipeni, kumene kumagona mphemvu,
koma wosagula ngakhale pensulo
lero watilemeretsa pa galasi la foni.
Yankho labwera lofiira: banja lanu likwanitsa.

Ndaseka mpaka simbi yapsereza kolala.

Akuti mpata wodandaula ulipo.
Kalata ya a zachisamaliro cha anthu,
ndi lumbiro la ku polisi kuti bamboyo kulibe.
Ku polisi, ine,
amene chiphaso changa chinafa chaka cha mliri,
amene ndimawoloka msewu ndikaona yunifolomu.
Umphawi kuno suoneka ndi maso,
umafuna chidindo.

Lolemba ndavala diresi ya ku tchalitchi.
Mzere unakhota mpaka pa wogulitsa mavetikuku.
Wapolisi sanadzutse mutu.
Anati, munamuona liti komaliza?
Ndisanatsegule pakamwa Tiyese wayankha m'Chizulu chosalala:
Sindinamuonepo, bwana.
Ndimangomunyamula pa chitupa.

Chidindo chinagwa, phwa!
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
zakwana m'kabwalo kofiirira, inki yosauma.

Tsopano foni imangoti tikuunika.
M'mawa tikuunika, usiku tikuunika.
Tiyese wagula kale kope limodzi,
sanalembepo dzina, sakudziwa liti.
Ine ndathira madzi pa malaya ena a mwana wa adona,
amene fomu yotere sadzaiona,
ndipo ndikuwongola khwinya lililonse.